Mpanda wa nungu, khola la nkhuku ndi kamera: momwe ntchito yayendera padimba langa kunsi kwa phiri la Mulanje

Zolembazi ndi za anzanga amene ali ndi madimba m'mphepete mwa phiri, amene chaka ndi chaka amagawana zokolola ndi nyama zakutchire osadziwa n'komwe kuti akugawana ndi yani. Dimba langa lili mbali ya ku Likhubula, pafupi ndi malire a nkhalango ya boma ija inatetezedwa mu 1927. Kumtunda kwake kuli miyala ikuluikulu, ina yakalekale, ina yobwera ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Kumunsi kuli kamtsinje kamene pofika Seputembala kamangotsala timadziwe. Ndimalima chinangwa, mbatata, nandolo, chinanazi, nzimbe pang'ono, ndipo m'chilimwe ndimathirira chimanga chachiwisi ndi madzi a pachitsime.

Nyamazi ndimazikonda, ndisabise. Ife tinakula tikuona agwape podutsa m'minda ya tiyi m'mamawa, koma lero alipo ana ambiri m'mudzi muno amene gwape amangomumva m'nthano. Choncho cholinga changa chinali choti mbewu ndikolole, nyama nazo zikhale moyo.

7 Epulo 2024: phulusa

Ndisanatulutse ndalama ndinafuna kudziwa wakuba. Aliyense anali ndi womuloza chala. Mayi a kunyumba ankati ndi anyani, alamu anga ankalumbira kuti ndi nguluwe, ena ankati ndi anyamata a m'mudzi momwemu.

Njira yodziwira anandipatsa ndi amalume, amene pa unyamata wawo anali mlenje. Umasefa phulusa ndi sefa yakutha, madzulo n'kuliwaza m'tinjira tolowera m'dimba, n'kusalaza ndi kathabwa. M'mawa umakawerenga mapazi. Apa sindinawononge ngakhale tambala.

Zovuta zinali ziwiri. Phulusa lokha likamwa mame limauma chikhakha ndipo nyama yopepuka siisiya chidindo. Nditasakaniza ndi mchenga wosalala wa kumtsinje, theka ndi theka, zinayenda. Chachiwiri ndi nkhuku ndi agalu a pamudzi, amene amafika msanga n'kufufuta zonse. Muzikafika 6 koloko isanakwane.

21 Epulo: wakuba wadziwika

Ndi nungu. Ndinapeza minga itatu yamawanga akuda ndi oyera pansi pa nandolo, koma umboni weniweni ndi kakumbidwe. Nungu imakumba mbali imodzi ya phata la chinangwa, kudya zam'nthaka, mtengo n'kuusiya uli chiimire. Iwe umadzazindikira masamba atayamba kufota. Nguluwe sichita ulemu wotere, imafukula mzere wonse. Anyani amazula masana ndipo sabisa, amasiya makoko ali mbwee.

Phulusa linaulula enanso. Tiziboda tiwiri tosongoka tinali ta gwape, amene amabudula nsonga za kholowa ndi khwanya, koma kuwononga kwake n'kochepa moti sindinakuwerengere. Kumtsinje nzimbe zinali zodulidwa mopendekera, pansi pali timilu ta zidutswa: imeneyo ndi ntchito ya nchenzi. Ndipo kuseri kwa mwala wina tinapeza chimbudzi cha fungwe. Nyama imeneyi imadzithandiza pamalo amodzimodzi usiku ndi usiku, ndipo pamuluwo panali njere za magwafa ndi zikamba za abongololo, zimene nyama zambiri sizikhudza.

Amalume anafukula muluwo ndi kamtengo n'kunena kuti, "Mphwanga, fungweyu musiye, chinangwa chako alibe nacho ntchito. Koma nkhuku uzizitsekera dzuwa likamalowa."

Zimenezi zinasintha mapulani onse. Ndinkaganiza zomanga mpanda wautali kuzungulira dimba lonse. Tsopano zinaoneka kuti chofunika ndi mpanda waufupi koma wozama, kuzungulira chinangwa ndi mbatata zokha.

12 Meyi: kamera

Msuweni wanga wa ku Johannesburg ananditumizira kamera yogwiritsidwapo kale ntchito, ya mtundu uja umamangirira pamtengo ndipo imajambula yokha ikamva chinthu chofunda chikudutsa, usiku ndi usana womwe. Kamerayo inali yaulere, koma zoyendetsera zake zinandidya: khadi yosungira zithunzi K12,000, mabatire wamba K9,600.

Sabata yoyamba khadi inadzaza ndi zithunzi za udzu. Dzuwa likatentha, mphepo n'kumagwedeza tsekera patsogolo pa kamera, iyo imayesa nyama. Mabatire anathera pomwepo. Ndinasenga udzu wonse mamita atatu kutsogolo kwake, ndipo ndinaitembenuza kuti iyang'ane kummwera, chifukwa miyezi ino dzuwa limadutsira chakumpoto ndipo likaiwomba kumaso zithunzi zimangoyera. Msinkhu wabwino ndi wa m'bondo. Mukaikweza kufika pachifuwa mudzajambula misana yokhayokha, tinyama tating'ono n'kumadutsa pansi osaoneka.

Mabatire wamba ndi kutaya ndalama. Ndinagula otchaja asanu ndi atatu pamodzi ndi tchaja chake, K38,000, ndipo ndimatchajira pa sola ya kunyumba.

Kenako kunabwera chiperoni. Amene sakhala kuno sangamvetse kuti kamvula kowaza kameneka, kochokera mbali ya ku Mozambique, kamalowa paliponse. Galasi linachita nkhungu mkati, zithunzi zonse mbuu. Ndinaiyanika pafupi ndi mbaula, osati pamoto penipeni, kenako ndinaika mkati timapaketi tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano, timene timayamwa chinyontho. Pamwamba ndinaikhomera kadenga kodula ku chigubu cha malita asanu. Ndinakawotcheretsanso kabokosi kachitsulo kokhala ndi loko pa Chitakale, K25,000, chifukwa chinthu chachilendo pamtengo chimaitana manja.

26 Meyi: zimene kamera inaona

Nungu si imodzi. Ndi ziwiri zazikulu ndi kamwana, ndipo zimayenda mondondozana, kamwana pakati. Zimafika pakati pa usiku, kudzera mpata womwewo wa pakati pa miyala iwiri. Nungu zimakhala yaimuna ndi yaikazi osasiyana, ndipo mwa nyama zonse za mtundu wa makoswe muno mu Africa palibe yoposa izo kukula.

Pali kanema mmodzi amene ndamuonetsa pafupifupi mudzi wonse pafoni. Galu wa aneba anazipeza zikukumba. Yaikulu inaimika minga yonse mpaka kuoneka ngati yakula kawiri, n'kuyamba kugwedeza mchira. Kumchirako kuli minga yamphako imene imachita phokoso lochenjeza. Galu atayandikirabe, nungu inamufulatira n'kuthamanga chafutambuyo kumulunjika. Galu anadumphira kumbali n'kuthawa osacheuka. Palibe munga umene unaponyedwa. Anganga ena nditawaonetsa anati, "Mwanawe, kamera yakoyo yachedwa, inaponya isanajambule." Sindinalimbane nawo.

Gwape ndi wamkazi, alibe nyanga, ndipo amabwera kukamacha. Fungwe amadutsa yekha, mutu uli pansi, osalabadira kanthu. Kalulu anaoneka kamodzikamodzi.

9 Juni: mpanda woyamba

Malo otchinga ndi mamita 15 m'litali, 10 m'lifupi, kuzungulira mamita 50. Zogula zinali izi: waya wa khola la nkhuku mipukutu iwiri ya mamita 30, K68,000 umodzi, mitengo ya bulugama 25, K1,800 umodzi, misomali ndi waya womangira K14,000, oyilo wakuda wa kugalaja K3,000. Anyamata awiri okumba ngalande ndinawapatsa K20,000.

Mitengo tinaiwaula kumatsinde n'kuipaka oyilo chifukwa cha chiswe, ndipo tinaizika motalikirana mamita awiri. Waya tinaukwirira masentimita 30 n'kuupindira kunja pansi pa nthaka, kuti nyama ikamakumba m'mphepete mwa mpanda izikumana ndi waya m'malo mwa dothi. Kukumba kunavuta mbali ya kumtunda chifukwa cha miyala. Khasu linagonja, tinachita kubwereka piki ndi mgwala.

23 Juni: waya wadulidwa

Kupinda waya pansi kunathandiza, nungu sizinathe kudutsa kunsi. Zinangoudula ndi mano pamwamba pa nthaka, bowo loti mutu wa munthu n'kulowa. Nyama imene imatafuna mafupa ouma singaope kawaya kopyapyala ngati kameneka. Ndinasoka bowolo ndi waya womangira, mawa lake zinaboola pena. Amene muli ndi vuto la nungu, waya wa nkhuku pawokha musauyese n'komwe.

Nzeru inachokera kwa mmisiri wina wofolera nyumba, amene anati, "Achimwene, malata akale simukuwaona ali mbwee m'mudzi muno?" N'zoona. Chidutsireni Freddy, makomo ambiri ali ndi malata opindikapindika amene sangafolerenso nyumba. Ndinagula 23 pa K2,500 limodzi, K57,500 onse. Tinawawongola ndi hamala pathabwa, tinafukulanso ngalande, K15,000 ina ya ganyu, ndipo tinawagoneka cham'mbali: gawo lalikulu m'nthaka, lotsala pamwamba, waya uja n'kupitiriza kuchokera pamenepo. Polumikiza malata muzipitiriza lina pamwamba pa linzake ngati chikhatho chimodzi ndi kumanga ndi waya, chifukwa mphako iliyonse nungu imalowetsapo mano n'kukanula. Lata silipatsa dzino pogwira, ndiye chinsinsi chake.

Pachipata tinakwirira mwala wafulati kuti pasakumbike. Valani magolovesi kapena kulungani manja ndi nsanza. Mnyamata mmodzi anachekedwa chala ndi lata ladzimbiri ndipo tinapita naye kuchipatala kukabayitsa jakisoni wa kafumbata.

Mpanda wonse wadya K290,500. Chinangwa cha pamalo amenewa sichingabweze ndalama zimenezi chaka chimodzi, mwina ngakhale ziwiri. Wina akanati ndi kupusa, msampha ndi waulere. Koma msampha umachotsa nungu zitatu, ndipo dzenje lawo likakhala lopanda mwini zina zimatsika m'phiri kudzalowamo.

Kunja kwa mpanda, chakumiyala, ndasiya mizere iwiri ya chinangwa ndi zidutswa za mbatata zosagulitsika. Kuyambira pamenepo kamera imazionetsa zikununkhiza malata, n'kukhotera kumizere yawo.

14 Julayi: khola la nkhuku

Anapiye anayi anasowa, ndipo nkhuku imodzi tinaipeza m'khola itadyedwa mutu ndi pachifuwa. Mayi a kunyumba anati ndi fungwe uja ndimamuikira kumbuyo. Ndinasamutsira kamera kukhola.

Sanali fungwe. Anali mwiri, kanyama kowonda kamawangamawanga, mchira wautali wamizeremizere. Pa zonse zimene kamera yajambula, kokongola kuposa onse ndi kameneka, ndipo ndinakwiya nako ndikukasirira. Kanakwera mwendo wa khola, kanayenda pansungwi, n'kudzifinya pampata wa pakati pa denga ndi khoma, mpata woti ine ndimangolowetsapo zala zitatu kapena zinayi. Pamene mutu wake walowa, thupi lonse limatsatira. Anapiye aja ndikuganizira likongwe, amene amasaka masana ndipo ana anamuona akudutsa pabwalo mchira uli m'mwamba.

Ndinagula waya wolimba wamaso ang'onoang'ono, wowotcherera, mamita asanu pa K9,000 mita imodzi. Mahinjesi ndi chotsekera K6,000, kalipentala K12,000. Tinatseka mipata yonse ya pansi pa denga ndi pansi pa khola, ndipo miyendo inayi tinaiveka zidutswa za malata zotsala kumpanda kuti zikhadabo ziziterera. Nthambi ya mpeyala imene inkagwera padenga tinaidula. Anapiye timawasunga m'chitete chovundikira mpaka atakula.

Mwiri akubwerabe, koma tsopano amazungulira nkhokwe kusaka makoswe, ntchito imene mphaka wathu anaisiya kalekale.

18 Ogasiti: chomwera

Kamtsinje katayamba kuphwa, mapazi a gwape ndi fungwe anayamba kuoneka pachitsime, pakati penipeni pa chimanga chothirira. Ndinaganiza zowapatsa madzi awo kutali ndi mbewu. Tinamanga kabeseni ka simenti pansi pa mkuyu, chakumiyala, mita imodzi m'mimba mwake, kosazama, mbali imodzi yotsetsereka kuti kanyama kakagweramo kathe kutuluka. Simenti thumba limodzi K22,000, womanga K8,000. Mchenga ndi miyala n'zapomwepo.

Kanang'aluka sabata yomweyo chifukwa kanauma msanga ndi dzuwa. Tinamata ndi simenti yotsala, n'kukafunditsa masaka onyowa kwa sabata yathunthu. Vuto lina linali mphutsi za udzudzu. Madzi osasuntha kuno ndi malungo, choncho ndinkakapungula ndi kutsuka kawiri pa sabata.

Masabata otsatirawo ndiwo anali okoma pa ntchito yonseyi. Kunabwera agologolo masana, gwape ndi mnzake wamphongo wa tinyanga tifupitifupi, gulu la misulu limene linamwa mopanikizana, ndi sakhwi, kanyama ka mphuno yaitali yogwedera, kamene kamathamanga m'tinjira take tosesedwa bwino. Mbira sizinabwere. Izo zimangokhala pamiyala yakumtunda kuothera dzuwa la m'mawa, ndipo malo awo amadziwika ndi mizere yoyera ya mkodzo wouma pathanthwe. Ana a sukulu ndikawauza kuti akatswiri amati mbira ndi wachibale wa njovu amaseka mpaka kugwa.

15 Seputembala: misampha

Pano ndiye panavuta kwenikweni, ndipo amene mukufuna kutengera chomwera muwerenge bwino.

Madzi anasonkhanitsa nyama pamalo amodzi ndi pa nthawi yodziwika. Zimene inaona kamera, anthu enanso anaziona ndi maso awo. M'kanjira kotsikira pamkuyu ndinapeza misampha itatu ya waya wa mabuleki a njinga, yotchera pa msinkhu wa khosi la gwape. Sabata yomweyo anyamata osaka mbewa anatentha tchire la kumtunda, moto n'kufika mpaka pamalata.

Sindinafune kukangana ndi munthu. Nyama ya m'sitolo yakwera mtengo, ndipo munthu wotchera gwape nthawi zambiri ndi bambo amene ana ake atopa ndi masamba. Ndinapita kwa a mfumu ndi misamphayo m'manja. Ndinati, "Mfumu, sindinabwere kudzasuma munthu. Ndabwera kudzapempha kuti kachigawo ka pakati pa dimba langa ndi malire a nkhalango kasatcheredwe." A mfumu anayang'ana zithunzi pafoni nthawi yaitali, makamaka za gwape, ndipo anati anali asanamuone chimwalirireni bambo awo. Pamsonkhano wotsatira analengeza, ndipo anakumbutsanso anthu kuti kusaka m'nkhalango ya boma popanda chilolezo ndi mlandu.

Ine ndinawonjezapo za ngaka, chifukwa pamamveka mphekesera za anthu ofuna kuigula. Lamulo loteteza nyama zakutchire linakhwimitsidwa mu 2017, ndipo wopezeka ndi nyama ngati ngaka kapena minyanga ya njovu akhoza kukakhala kundende mpaka zaka 30. Anyamata ena ankayesa nthabwala.

Ngakhale zinatero, chomwera ndinachiphwetsa n'kuchidzaza miyala. Mawu a mfumu amagwira anthu a m'mudzi muno, koma odutsa ochokera kwina sawamva. M'malo mwake ndimathira madzi m'zidutswa za miphika yosweka, malo osiyanasiyana, n'kumasinthasintha. Nyama zikumwa, koma palibe njira imodzi yoti munthu atcherepo. K30,000 ya beseni inapita choncho. Zithunzi nazo ndinasiya kutumiza m'magulu a WhatsApp zikuonetsa malo.

13 Okutobala: apusi

Chimanga chitayamba kukhwima anafika apusi, ndipo pa iwowa palibe mpanda umene ndingakulangizeni. Chidole choopsezera chovala malaya anga akale anachiopa masiku owerengeka, kenako ndinawapeza atakhala paphewa pake. Zitini zolira ndi mphepo, chimodzimodzi. Tsabola wopaka pazisononkho za m'mphepete anathandiza pang'ono, koma iwo anaphunzira kulowa mkati. Amadziwanso kusiyanitsa anthu: akaona ine amathawira kutali, akaona mwana amangosuntha pang'ono n'kupitiriza kudya. Nthawi zonse mmodzi amakhala pamwamba pa mtengo kulondera, ndipo kulira kwake akaona chiwombankhanga n'kosiyana ndi kumene amalira akaona njoka kapena galu.

Chimene chinagwira ntchito ndi chakale chomwe chija, kulondera. Ndinalemba mnyamata amene anamaliza sukulu, K20,000 pa mwezi kwa miyezi iwiri, kuyambira mbandakucha mpaka dzuwa litakwera, ndiponso chakumadzulo. Masana kukatentha apusi amapuma. Galu wathu timam'mangirira pa waya wautali m'mphepete mwa chimanga kuti aziuwa koma asathamangitse gwape, ndipo anabayitsa katemera wa chiwewe. Chimanga tinathyola chonse chikadali chachiwisi n'kukagulitsa pamsewu, osadikira kuti chiume.

Chinthu chimodzi ndikupempha: musawapatse chakudya apusi, ngakhale alendo okwera phiri atakuchondererani kuti ajambule. Pusi wozolowera dzanja la munthu amadzalowa m'khitchini, ndipo mapeto ake amaphedwa.

Nchima ndi zina. Zakuda motuwira, zamanyazi, sizitsika pansi kawirikawiri. Zinabwera kumkuyu nkhuyu zitapsa ndipo chimanga sizinachiyang'ane.

3 Novembala: changa

Mlendo wathu wochokera ku Blantyre anatidzutsa usiku kuti kumunda kukulira mwana wotayidwa. Anali changa mumtengo wa papaya. Ndinamangirira kamera panthambi ndipo tinamuona bwino: maso aakulu owala, makutu amene amawapinda ndi kuwatambasula, mchira wonenepa waubweya. Amaboola papaya lakupsa, kudya mbali imodzi, n'kupita kukanyambita utomoni pamtengo wa mthethe. Apa sindinamange kalikonse. Mapapaya ofuna kugulitsa ndimathyola akangoyamba kuyezuka, awiri kapena atatu akumwamba ndimamusiyira.

22 Disembala: mvula

Mpanda wa malata uli ndi vuto limene m'chilimwe silioneka. Mvula ya kuno ikagwa, madzi otsika m'phiri amafika ndi mphamvu, ndipo malata a mbali ya kumtunda anasanduka damu. Madzi anadzaza kuseri kwake, matope anaunjikana, mitengo inayi inapendekeka, ndipo pakona imodzi madzi anafukula pansi n'kusiya mpata. Nungu zinaupeza usiku womwewo. Mapata asanu ndi limodzi anapita.

Tinakumba ngalande yopatutsa madzi mamita awiri kumtunda kwa mpanda, yotsetserekera kumtsinje, ndipo m'mphepete mwake tinabzala udzu wa vetiva wopempha kwa aneba. M'malata a kumtunda ndi a kumunsi tinaboola mabowo pa msinkhu wa nthaka n'kuwatchinga ndi zidutswa za waya wolimba wotsala kukhola. Mitengo yopendekeka tinaiwongola n'kuichirikiza ndi miyala. Ganyu K15,000. Amene dimba lanu lili potsetsereka, ngalande imeneyi muyambe ndi iyo musanazike mtengo ndi umodzi womwe, ndipo mabowo muzichotsamo zinyalala mvula iliyonse ikakata.

19 Januwale 2025: pamene tafika

Ndalama zonse pamodzi ndi K523,100: mpanda K290,500, za kamera K84,600, khola K63,000, mlonda K40,000, beseni K30,000, kukonza za mvula K15,000. Wopanda kamera akhoza kudziwa zambiri ndi phulusa lokha, ndipo wopeza malata kwawo akhoza kudumpha mpukutu umodzi wa waya, chifukwa nungu sikwera kwenikweni ndipo gwape sawononga zoti n'kudandaula nazo.

Chinangwa cha mkati mwa mpanda chili bwino. Nkhuku sinasowenso. Nzimbe za kumtsinje ndazisiyira nchenzi, kupatula mzere umodzi umene ndimaulambulira udzu mozungulira, popeza nchenzi sizikonda kudutsa poyera.

Zatsala ziwiri. Mkati mwa mpanda mwatulukira dzenje latsopano lokhala ndi mulu wa dothi pakhomo, ndipo kamera yaonetsa bwampini, masaya ali tututu ndi mtedza umene ndinabzala m'mphepete. Ameneyu amakumba mozama kuposa malata, ndipo amakwera. Ndi mtundu womwewu wa khoswe umene bungwe la APOPO limaphunzitsa ku Morogoro m'dziko la Tanzania kununkhiza mabomba okwirira ndi matenda a TB, ndiye nzeru zake musazichepetse. Ndabwereka msampha wa bokosi wogwira wamoyo, ndikufuna ndikamutaye kutsidya kwa mtsinje, ngakhale amalume akuti ndingowapatsa iwo ali ndi pomuika.

Chachiwiri n'chachikulu. Nungu zija mizere iwiri sikuzikwanira, ndipo zayamba kulowa m'munda wa aneba a kumadzulo, mayi wamasiye amene chinangwa ndicho chakudya chake cha miyezi ya njala. Anabwera okha kudzandiuza kuti, "Bambo, ziweto zanu zija zasamukira kwathu." Tagwirizana kuti mvula ikatha mu Epulo tidzatchinga kachigawo kawo ka mamita 10 mbali zonse, ine ndi ana awo tidzakumba tokha popanda ganyu. Pakufunika malata 18. Ndapezapo 7, ndipo eni malata akale atazindikira kuti akufunidwa akweza mtengo kufika K4,000 limodzi. Amene muli nawo mbali ya Chitakale kapena ku Boma, ngakhale obooka, ndiuzeni ndidzatenge pa njinga.